Mzati wa a Jones

Mukafunsa Amalawi a ku Maddington, mu mzinda wa Perth, za Overtone Chisale, aliyense akuuzani zake. A kutchalitchi adzati ndi mkulu wa mpingo, uja amayambitsa nyimbo ndi mawu ochokera pansi pa chifuwa. Anzake a kuntchito amamudziwa ngati woyendetsa fokolifiti, kagalimoto konyamulira katundu, pa nyumba yosungiramo matailosi, munthu wosadya za pa shopu, wongodalira kontena yochokera kunyumba. Mkazi wake Felesta, amene ndi namwino, amati anakwatiwa ndi munthu koma masiku ano akukhala ndi mulu wa utuchi. Onsewa sakunama. Koma chimene chamutchukitsa ndi mbale zamtengo zimene amasema m'galaja mwake, zakuda bwino, zosalala, zoti ukazigwira sufuna kuzibweza. Pali mbale imodzi yokha imene iye safuna kuti muziitchula, ndipo nkhani ino ndi ya mbale imeneyo.

Kusema sanakuyambire kuno. Bambo ake anali wosema ziboliboli kwawo ku Ntcheu. Ankasema njovu, mvuu ndi mbale n'kukagulitsa kwa azungu odzaona dziko mu Lilongwe. Azunguwo ankafuna chinthu chimodzi, mtengo wakuda wa phingo. Koma mitengo ya phingo inali itatha kalekale m'mapiri a kwawoko, yotsala inali yongokwana chigwiriro cha mpeni. Ndiye bambowo ankasema mtengo uliwonse wolemera umene aupeza, kenaka n'kutsegula chitini cha polishi wa nsapato. Ankapaka, kuyanika padzuwa, kupakanso, n'kupukuta ndi chiguduli cha bulangete mpaka njovu ija ikuwala ngati inabadwa yakuda. Mzungu akafunsa ngati ndi phingo, iwo ankangomuika chosemacho m'manja n'kunena kuti, "Tamvani kulemera kwake." Sankati ndi phingo, sankatinso si phingo. Overtone anakula zikhadabo zili bii, ndipo kusukulu anzake ankamutcha Kapolishi. Dzinalo linamuwawa kwambiri, moti atangopeza ntchito ya ukalaliki mu Lilongwe analumbira kuti sompho sadzaigwiranso.

Ku Perth anabwera kutsata Felesta, yemwe anadzaphunzira za unamwino. Amuna ena amazungulirazungulira akafunsidwa kuti anafika bwanji kuno. Overtone amangoti, "Ine ndinabwera ngati katundu wa mayi a Tasha," anthu n'kuseka. Zaka zoyamba anagwira chilichonse chimene chapezeka: kutsuka magalimoto, kukolopa m'maofesi, kunyamula makatoni m'mashopu a ku Morley. Atapeza nyumba ya lendi ku Maddington, anapezanso phokoso. Loweruka lililonse kuseri kwa mpanda kunkalira makina osalekeza, ndipo mphepo ikaomba, utuchi wofiira unkagwera pa zovala zimene Felesta wayanika. Felesta anamutuma kuti akadandaule. Overtone anapitadi, koma anabwerako dzuwa litapendeka, utuchi uli mpaka m'makutu, dandaulo ataliiwala.

Mwini phokosolo anali a Jones, mkulu wamtali wowerama, amene akazi awo anamwalira. Anakulira pa munda wa tirigu ndi nkhosa kum'mawa, kuseri kwa mapiri, koma mundawo unagulitsidwa kalekale. M'galaja mwawo anali ndi makina ozunguzira mtengo. Umamanga chipika, makina n'kumachizunguza mwaliwiro, iwe n'kumatsamiritsa tchizulo, mbale n'kumaoneka pang'onopang'ono m'kati mwa chipikacho. Overtone ataona zimenezo manja anayamba kumuyabwa. Anadziuza kuti lumbiro lija linali la sompho, za makina sanalumbirepo. A Jones anamupatsa tchizulo tsiku lomwelo, ndipo ataona kagwiridwe kake anamufunsa kumene anaphunzira. Overtone anati bambo ake anali mmisiri wa mitengo, n'kusiyira pomwepo.

Mkuluyo ankafuna aziitanidwa ndi dzina lake loyamba, monga amachitira anthu kuno, koma lilime la Overtone linakana. Munthu wa msinkhu wa bambo ako ungamuitane ngati mnzako wa kuubusa? Anagwirizana pa mawu akuti madala, ndipo a Jones anawakonda mawuwo mpaka ankadzitchula okha akaimba foni.

Kwa a Jones ndi kumene Overtone anaphunzira mitengo ya dziko lino, makamaka yakuda, chifukwa ndi imene mkuluyo ankaikonda. Panali mtengo wa jara, wofiira ngati nyama yofutsa, umene umanka nuda ukamakalamba. Nyumba yakale ikamagwetsedwa mu Perth, a Jones ankamva msanga kuposa eni ake, ndipo awiriwo ankapita ndi ngolo kukapempha mitanda ya denga. Panali shiyoki, wa mawangamawanga. Panali maliga wa kuchipululu, wolimba koma wochepa thupi. Ndiye panali mtengo umene a Jones ankautchula atatsitsa mawu, wa jamu. Overtone anaseka atamva koyamba, chifukwa kwawo jamu ndi kachitsamba ka zipatso zachikasu zobisala m'timatumba, kosakwana ngakhale ndodo yothamangitsira nkhuku. A Jones anadula kachidutswa n'kumununkhiza. Kanali kakuda ngati khofi wopanda mkaka, kolemera, ndipo fungo lake linali la jamu weniweni wopaka pa buledi. Alimi akale ankapangira mtengowo mizati ya mpanda chifukwa chiswe chimaulephera.

Lamulo la a Jones linali limodzi. Pa mbale pazipita mafuta ndi phula la njuchi basi, utoto ayi. "Mtengo woyera uusiye ukhale woyera," ankatero. "Ukafuna mbale yakuda, pita ukasake mtengo wakuda." Overtone ankavomera ndi mutu mwamphamvu, mphamvu yopitirira muyeso, monga amachitira munthu amene ulaliki ukunena za kwawo. Za chitini cha bambo ake sanatchulepo. Ndipo lamulolo analisungadi. Mbale zake zinayamba kuyenda malonda pa msika wa kumapeto kwa sabata, ndipo kasitomala akafunsa, iye ankatchula dzina la mtengo, kumene anaupeza, ndi zimene wapaka, mtima uli mbee.

Zaka zinapita, ukalamba unayamba kutenga zake. A Jones atadwala korona mphuno zinafa, moti mphika unkapserera iwo ali pomwepo. Diso limodzi linachita khungu, linalo linkangoona zinthu ngati m'chifunga. Kenaka manja anayamba kunjenjemera, ndipo tsiku lina tchizulo inawapulumuka n'kuwatema pachala. Mwana wawo Katherine, amene amakhala ku Rockingham, anagamula kuti basi kwatha, bambo ake apite ku nyumba yosamalira okalamba ya kufupi ndi kwawo kumapeto kwa mweziwo. Makina aja a Jones anakana kugulitsa. Anati awoloke mpanda apite m'galaja mwa Overtone, pamodzi ndi matchizulo onse. Overtone analira, ndipo sanabise.

Tsiku losamutsa makinawo, mkuluyo anamukokera pangodya n'kuvundukula chisaka chakale. M'katimo munali chipika chotuwa kunja, cha ming'alu ming'alu, chokhala ndi bowo lopyoza mbali ndi mbali.

"Mzati wapangodya wa munda wathu," anatero a Jones. "Anauzika ndi bambo anga ine ndisanabadwe. Tsiku limene tinagulitsa munda ndinadula mzatiwu ndi sowo, mwini watsopano akuonerera. Jamu wonenepa chonchi sudzamuonanso. Ndakhala ndikuusunga kuti ndidzauseme dzanja langa likadzakhwima. Ndiye taona mmene lakhwimira." Anakweza dzanja lonjenjemera lija n'kuseka pang'ono. "Undisemere mbale yoti ndipite nayo kumeneko. Bowo la wayali ulisiye, ndizidzalimva ndi chala. Ndipo usathamange nawo, mtengo wakale umabisa ming'alu m'kati."

Ntchito inayamba bwino. Atangochotsa khungu lotuwa lija, mtima wa mtengo unaoneka wakuda wonyezimira, ndipo galaja yonse inadzaza fungo mpaka mwana wake Tasha anasuzumira n'kufunsa m'Chingerezi ngati adadi ayamba kuphika. Overtone ankasema madzulo akaweruka, pang'onopang'ono, monga anauzidwira. Pofika Loweruka masana mbale inali itatha, kunena zoona. Akanazimitsa makina pamenepo, bwenzi nkhani ino kulibe. Koma Overtone ali ndi kamatenda kamene amuna ambiri aluso ali nako, kofuna kuti anthu adabwe. Anafuna kuti milomo ya mbale ikhale yopyapyala, yoti madala akaigwira adzati wophunzira wawo wawapitirira. Anabwezeranso tchizulo kamodzi kokha. Nsonga inakola pa bowo la waya lija. Kunamveka phokoso ngati la mbale yadothi yogwa pa simenti, chidutswa china chinamenya chotchinga kumaso chake, china chinakagunda chitseko. Atazimitsa makina, pa chitsulo panangotsala tsinde.

Anatolera zidutswa zonse ali chogwada, mpaka za pansi pa njinga ya Tasha. Anayesa kuzilumikiza pa tebulo. Zazikulu zinkagwirizana, koma pamene panali bowo panali patasanduka zinyenyeswazi. Guluu akanagwira, koma chala cha munthu amene wasema mbale moyo wake wonse sichikanadutsa pa msoko osaima. Anakhala pa ndowa yovundikira nthawi yaitali.

Anapita kukanena, apa tisamunamizire. Anasamba m'manja, anazungulira mpanda, anagogoda. Koma kwathu uthenga woipa suponyedwa pakhomo ngati nyuzipepala. Umayamba wakhala pansi, mupatsane moni, ufunse za m'thupi, mudandaule za nyengo, kenaka uyambire patali kuti mwini wake aziona yekha kumene ukulowera. Kwa a Jones tsiku limenelo kunalibe ndi mpando womwe. Makatoni anali mbwee, Katherine akukulunga makapu m'mapepala, ndipo mkuluyo anali chiimire pakati pa balaza atagwira chithunzi cha malemu akazi awo, osadziwa pochiika. Atamva mawu a Overtone nkhope yawo inawala.

"Mbale yanga ikuyenda bwanji?"

"Ikuyenda bwino, madala."

Mawuwo anatuluka okha, monga amatulukira munthu akakufunsa kuti wadzuka bwanji iwe malungo ali m'mafupa. Overtone anadikira mpata wa mawu achiwiri, aja oyamba ndi "koma". A Jones anatembenukira kwa mwana wawo.

"Wamva, Katherine? Pali chinthu chimodzi chimene chikuyenda bwino sabata ino."

Pamenepo "koma" uja anabwerera kummero. Overtone anathandiza kunyamula makatoni angapo kukaika m'galimoto, n'kutsazika.

Lolemba ataweruka anapita kwa bambo wina wogulitsa zipika kuseri kwa mafakitale a ku Kenwick. Maganizo ake anali oti agule jamu wina, kuti bodza likhale laling'ono. Ataonetsa kukula kwake ndi manja, wogulitsayo anaseka.

"Wonenepa choncho? Pokhapokha mukazule mpanda wa munthu. Ndili ndi tizidutswa topangira zolembera ndi zigwiriro za mipeni basi. Ngati mukufuna wakuda, tiyeni ndikuonetseni ina."

Anayenda naye m'mashelefu. Overtone ananyamula chipika cha jara n'kuchibweza. Chinali chofiira kwambiri, chopepukirapo, ndipo a Jones anasema jara zaka zambiri moti akanamuzindikira ali m'tulo. Shiyoki anali wopepuka kuposa pamenepo. Maliga anali wakuda bwino ndi wolemera, koma chipika chachikulu pa zonse chikanangotulutsa kambale koikamo mchere. Wogulitsayo anati angathe kuitanitsa mtengo wina wakuda kuchokera kum'mawa kwa dziko, koma ukanafika a Jones atasamuka kale. Overtone anapitiriza kunyamula ndi kubweza, kunyamula ndi kubweza, mpaka anazindikira kuti sakusankhanso mtengo. Ankawerengera zimene zatsala m'thupi la a Jones. Mphuno zinafa, ndiye fungo si vuto. Diso ndi la chifunga, lingoona kuda basi. Otsala ndi manja, ndipo manja amamva kulemera ndi kusalala. Anali kumuzungulira mnzake ngati mbala yoyendera nyumba masana kufufuza zenera losatsekeka bwino. Anachita manyazi, koma sanatuluke.

Pansi penipeni panali chipika cha wandu, mtengo wa khungwa loyera wa kumapiri, wolimba moti umabunthitsa sowo. Anachinyamula. Kulemera kwake kunali komweko ndendende. Cholakwika chinali mtundu wokha, wotuwa ngati tiyi wochuluka mkaka.

"Umenewo si wakuda," anatero wogulitsa.

"Ndikudziwa," anayankha Overtone.

Pobwerera anaima pa shopu n'kugula zitini ziwiri za polishi, wakuda ndi wabulauni. M'basiketi anazibisa pansi pa buledi ngati pali amene akanamufunsa.

Ulendo uno sanathamange. Anasema mbale yofanana ndi ija kukula ndi kuzama, milomo yake yokhuthala bwino monga inayenera kukhalira poyamba. Anaboola bowo, n'kuwotcha waya wadzimbiri pa moto wa gasi, kumulowetsa ndi kumutulutsa mpaka m'mphepete mwa bowo munaoneka ngati mwadyeka ndi zaka. Kenaka anatsegula zitini. Chimene chinamuwawa kwambiri n'chakuti manja ake anali asanaiwale kalikonse. Anadziwa okha kusakaniza mitundu iwiriyo pa chivindikiro, kuyanika mbale padzuwa kuti mtengo umwe, kupakanso, kupukuta, n'kumalizira ndi phula lambiri kuti fungo libisike. Mbale inatuluka yokongola kuposa zonse zimene anasemapo. Bambo ake akanakhala moyo akanamuombera m'manja.

Felesta anamupeza akukwecha zikhadabo pa mpopi wa panja.

"Bambo a Tasha, nsapato zanu zakula liti kuti zidye zitini ziwiri?"

Overtone anamulowetsa m'galaja, anamuonetsa zidutswa m'chisaka, anamuonetsanso mbale yatsopano. Felesta anaigwira, anaitembenuza, n'kuiika pansi mofatsa.

"Ndiye mukufuna mukawapatse imeneyi?"

"Ndidzawauza, mayi a Tasha. Koma ayambe akhazikika kumaloko. Panopa mtima wawo uli m'mwamba."

"Ine okalamba ndimakhala nawo tsiku ndi tsiku. Kumalo ngati amenewo munthu sakhazikika, amangotsika. Mukachedwa mudzapeza woti mumuuze kulibe."

Overtone anati wamva. Anamvadi, koma mbale anaikulunga m'nsalu.

M'mawa wa tsiku losamuka anawapeza a Jones atakhala pa sutikesi pakhonde, atavala jekete ngati munthu wopita ku ukwati. Analandira mbale ndi manja awiri. Anaiyeza kulemera, anayendetsa chala chachikulu m'milomo yake, kenaka chala chinapeza bowo n'kulowamo. Theka la mtima wa Overtone linkafuna kuti agwidwe.

"Waya ankadutsa apa," anatero a Jones. "Ndinkakhala pamwamba pa mzati umenewu kudikira basi ya kusukulu. Amayi ankakuwa kuti nding'amba kabudula." Misozi inatsika. Anaiika mbale pamphuno mwachizolowezi, n'kudziseka okha. "Mphuno zopanda ntchito. Katherine, tanunkhiza undiuze."

Katherine ananunkhiza. Anayang'ana mbale, anayang'ana Overtone kanthawi kochepa.

"Ikununkha bwino, adadi."

Kuyambira pamenepo Overtone wakhala akupita ku Rockingham Lamulungu akatuluka m'tchalitchi. Miyezi yoyamba ankakonza mawu ali pa chiwongolero. Akamadutsa machumuni a ku Kwinana amakhala atafika pakati pa kupepesa, Chingerezi chake chili m'malo, ndipo a Jones a m'maganizo mwake amakhala atamukhululukira kale. Akalowa m'chipinda ankawapeza a Jones enieni atakhala pa mpando wa pazenera, mbale ili pamiyendo. Sankaikamo kanthu, ngakhale switi. Ankangoisisita, ndipo aliyense wolowa, kaya namwino kaya wokolopa, ankamugwiritsa kuti amve mzati wa bambo awo. Mawu okonzedwa aja ankasungunuka, Overtone n'kuyamba kufunsa za chakudya cha pamalopo. Potsazikana a Jones ankamupempha kuti apemphere m'Chichewa. Sanali munthu wa tchalitchi ndipo sankamva liwu ndi limodzi lomwe, koma ankati chinenerocho chimawakhazika mtima pansi.

Felesta anafunsa kangapo ngati wawauza, kenaka analeka kufunsa, ndipo kuleka kumeneko kunamuwawa kuposa mafunso. Tsiku lina la Mgonero Overtone ananamizira chifuwa kuti asanyamule mbale ya mkate, ndiye linakhala bodza lina pamwamba pa loyamba. Kumsika anthu ankayamikira mbale zake za jara, iye n'kumangoyang'ana pansi. Nawo mutu wa a Jones unayamba kutayikira. Masiku ena ankamutcha dzina la mchimwene wawo amene anamwalira kalekale. Koma mbale sanaiiwale ndi tsiku limodzi.

Lamulungu lina m'nyengo yotentha anapeza Katherine akumudikira pakhonde la nyumba ya okalambayo, atanyamula jumbo.

"Adadi akugona. Tiyeni tikhale apo."

Anakhala pa benchi pansi pa mtengo. Katherine anatulutsa mbale ija. M'milomo, pamene chala chachikulu cha a Jones chimadutsa, panali patayera. Kuzungulira bowo nakonso mtundu wa tiyi uja unali utatulukira.

"Anamwino amadabwa kuti zikhatho za adadi zikuda ndi chiyani," anatero Katherine. "Mpaka anaitana dokotala kuti awayeze magazi."

Ulendo uno Overtone sanayambire patali.

"A Katherine, mzati uja ndinauswa ine. Ndinafuna kuonetsa luso. Mbale iyi ndi ya wandu, ndinaipaka polishi wa nsapato."

"Zoti si jamu ndinadziwa tsiku lomwe lija. Ndinakulira m'galaja mwa adadi, fungo la jamu ndimalidziwa. Za polishi ndiye ndikuzimva lero." Sanakweze mawu, koma mkwiyo unkamveka. "Mukanawauza nthawi imene ija, akanakalipa, akanalira, kenaka akanakupemphani zidutswazo n'kumazisunga m'thumba la jekete. Nthawi imeneyo anali adakali ndi mutu wokhululukira munthu. Inenso ndinalakwa, ndinakhala chete chifukwa ndinkafuna akwere galimoto mwamtendere."

"Ndiloleni ndikawauze lero."

"Ayi. Mukawauza lero alira, mawa aiwala chimene chinawaliza, koma chisonicho chitsala. Sabata yathayi anaiwala dzina la amayi. Chimene chatsala m'mutu mwawo ndi munda uja, ndipo munda wake ndi mbale iyi. Inu mukufuna mupepukidwe, ndikumvetsa. Koma musatulire adadi anga."



"Diso lawo limaonako pakakhala kuwala," anapitiriza Katherine. "Dzulo anandifunsa kuti choyera ichi n'chiyani, ndinati ndi dzuwa. Ikonzeni asanadzuke. Mupake chinthu chosachoka."

"Mtengo umene wamwa polishi sulandiranso china. Pafunika polishi yemweyo, ndipo adzachokanso."

Katherine anapumira m'mwamba.

"Ndiye muzibwera naye polishiyo."

Overtone anawoloka msewu kukagula zitini pa shopu ya patsidya. Anakhala m'galimoto chitseko chili chotsegula, suti ya kutchalitchi ili m'thupi, n'kuyamba kupaka ndi mpango wa m'thumba. Mbale anaiyanika pa boneti yotentha kuti imwe msanga. Anthu odzaona abale awo ankadutsa n'kumamwetulira, poganiza kuti ndi munthu wachifundo amene akusamalira katundu wa nkhalamba. Iye ankaganiza za bambo ake, amene anawachitira manyazi zaka zonsezi. Iwo ankapusitsa alendo okwera ndege mawa lake, pofuna kuti ana adye ndi kupita kusukulu. Iye anapusitsa munthu amene anamupatsa makina, pofuna kuti asaoneke wolephera. Anapukuta mpaka poyera paja panasowa, n'kupaka phula limene linali m'galimotomo.

Polowa m'chipinda anapeza a Jones atadzuka, manja akufufuza pa bulangete uku ndi uku, nkhope ili ndi mantha ngati ya mwana wotayika pamsika. Overtone anawaika mbale m'manja. Manjawo anaigwira, chala chinapita pa bowo, ndipo thupi lonse linakhazikika. Katherine anaima pakhomo.

Anacheza pang'ono za nkhosa zimene a Jones ankati zikufunika kumeta. Kenaka mkuluyo anati, "Tapemphera m'chinenero chako chija."

Overtone anagwada pambali pa mpando, anagwira mkono wawo ndi zala zakuda zija, n'kutsinzina. Anayamba ngati masiku onse, kuthokoza chifukwa cha moyo ndi tsiku la Sabata. Kenaka mawu anakhota okha. Ananena zonse, mokweza, m'Chichewa. Anati mzati wa bambo a munthu uyu anauswa ndi iye chifukwa cha matama. Anati anaima m'mashelefu kuwerengera maso ndi mphuno za mnzake. Anatchula wandu, anatchula waya wowotcha, anatchula zitini, za tsiku lija ndi za lero zomwe. Anati zidutswa za mzati weniweni zili m'chisaka m'galaja mwake, ndipo sadziwa choti achite nazo. Pena ankalankhula ndi Mulungu, pena ankapezeka akuti "madala", mawu akuduka, misozi ikugwera pa taye.

Atamaliza, a Jones anati "Ameni" mokweza. Anamusisita paphewa ndi dzanja lonjenjemera, linalo litakumbatira mbale.

"Limeneli ndiye pemphero," anatero. "Sabata yamawa udzanenenso lomweli."

Overtone anati adzatero.